Lipoti la msonkhano wa ku Tete: zimene zimatikaniza tikamaphunzira C ndi Rust

A Wapampando, a komiti, ndi anzanga nonse a gulu lathu la kompyuta kuno ku Ulóngwè,

Munandituma ku msonkhano wa achinyamata ophunzira kulemba mapulogalamu umene unachitikira mumzinda wa Tete, ndipo munandisenzetsa funso limodzi: bwanji chinenero cholembera mapulogalamu cha Python tinkayenda nacho bwinobwino, koma titangoyamba cha C ambiri anagwa mphwayi n'kusiya kubwera? Yankho ndabwera nalo, ngakhale ena silikusangalatsani. Makompyuta athu akalewa alibe mlandu. Mlandu ndi wathu, chifukwa compiler, pulogalamu imene imasandutsa khodi yathu kukhala malangizo a makina, ikatikana timangoona mizere yambirimbiri ya Chingerezi n'kutseka, osawerenga chimene yanena.

Kunali anzathu ochokera ku Moatize, ku Songo, ku Tsangano ndi ku Furancungo. Maphunziro ankayenda m'Chipwitikizi, koma nthawi yopuma Chinyungwe ndi Chichewa zinkangosakanikirana pansi pa mtengo. Za kutentha kwa m'mphepete mwa Zambezi sindinena zambiri. Ife a kumapiri a Angónia tinkadziwika ndi thukuta.

Aphunzitsi amene ankatsogolera anayamba ndi kutiletsa mawu akuti "pulogalamu yakana". Anati aliyense wonena zimenezo aziyankha kaye kuti yakanira pati. Mu Python umalemba n'kuyendetsa pomwepo. Mu C, chinenero chimene Dennis Ritchie anapanga ku Bell Labs cha m'ma 1972, khodi imadutsa pa zipata zitatu. Compiler imasandutsa fayilo iliyonse kukhala malangizo a makina. Kenako linker imalumikiza zidutswazo pamodzi ndi ma library, khodi yokonzedwa kale imene pulogalamu imagwiritsa ntchito. Pomaliza ndi pamene pulogalamu imayenda. Chipata chilichonse chili ndi madandaulo akeake, ndipo ukadziwa chimene chakuimitsa, umadziwanso kumene ungayambire kufufuza.

Ena amakanika asanafike n'komwe pa chipata choyamba. Pa Windows ya Chipwitikizi umalemba gcc, lamulo loitanira compiler ya C, makina n'kuyankha kuti "não é reconhecido como um comando interno ou externo". Anthu amachotsa zonse n'kuikanso, mega n'kumatha. Kawirikawiri compiler imakhala ilimo ndithu, kungoti foda yake ya bin sinalembedwe mu PATH, mndandanda wa mafoda amene Windows imafufuzamo malamulo. Mukaiwonjezera, tsekani terminal n'kutsegula ina, chifukwa yakaleyo siona zimene mwasintha. Amene alibe laputopu asadandaule: ndinaona mnyamata wa ku Tsangano akuyendetsa C pa foni ya Android, ataika Termux n'kulembamo pkg install clang.

Tsono pa compiler penipeni. Lamulo limene tonse tinalemba m'makope n'lakuti werengani dandaulo loyamba lokha. Mukaiwala chizindikiro cha ; kapena } pamalo amodzi, compiler imasokonezeka n'kudandaula za mizere ina yambiri imene ilibe vuto. Konzani choyambacho, yesaninso, mudzaona enawo atazimiririka okha. Ikatchula mzere 24 koma inu osaonapo cholakwika, yang'anani mzere 23, chifukwa nthawi zina imazindikira mochedwa kuti chinachake chasowa.

Pali mavuto ena amene ndi athu enieni a kuno. Kusukulu tinaphunzira kulemba 3,5 pamene C imafuna 3.5. Mtsikana wina wa ku Moatize anali ndi pulogalamu yowerengera ndalama za matumba a makala. Analemba x = 3,5; ndipo compiler sinakane, chifukwa mu C koma ali ndi ntchito ina yake: x inangotenga 3, theka lija n'kutayika. Matumba onse ankatuluka ndi mtengo wochepa, iye n'kumakayikira masamu ake. Aphunzitsi anangomuuza kuti awonjezere -Wall -Wextra pa lamulo la gcc, chenjezo n'kutulukira pa mzere womwewo. Zimachitikanso munthu akalemba 3,5 pa kiyibodi poyankha scanf, imene imalandira zimene munthu walemba: imawerenga 3 n'kuima pa koma paja, zotsalazo n'kukasokoneza funso lotsatira. Taganizirani pulogalamu ija tinalonjeza alimi a mbatatesi yowerengera makilo. Tikanawabera osadziwa.

China ndi chizolowezi chathu chotumizirana khodi pa WhatsApp. Mawu akakhala pakati pa nyenyezi ziwiri, WhatsApp imawadetsa n'kubisa nyenyezizo, pamene mu C nyenyezi ndiyo chizindikiro cha pointer, chinthu chimene chimalozera malo ena mu memory. Ndipo khodi ikadutsa mu Word, zizindikiro zoongoka zotsegulira ndi kutsekera mawu zimasanduka zokhota, gcc n'kumati "stray '\342' in program". Pamaso zimaoneka zofanana, koma kwa makina si zilembo zimodzi. Tizitumizirana fayilo ya .c yeniyeni.

Za zilembo za makatchuliro ndingotchulako pang'ono. Dzina lakuti Angónia lili ndi zilembo 7, koma strlen, imene imayeza kutalika kwa mawu mu C, imayankha 8, chifukwa imawerenga ma byte, ndipo mu UTF-8 chilembo ó chimatenga awiri. Chimodzimodzi ã ndi ŵ. Mukamasungira malo mayina a anthu, siyani danga lokwanira, osaiwalanso byte ya zero imene imatseka mawu aliwonse mu C.

Chipata chachiwiri sichinatidyere nthawi. Mukaona "undefined reference to", dziwani kuti compiler yavomera, amene akudandaula ndi linker. Ikatchula sqrt kapena pow pa Linux, ikani -lm kumapeto kwa lamulo. Kulemba #include <math.h> kumangouza compiler kuti ntchitoyo iliko, koma sikuibweretsa. Ikatchula function imene munalemba nokha, mwina fayilo yake simunaiike pa lamulo, kapena dzina mwalilemba mosiyana.

Pamene tinakhalitsa ndi pa chipata chachitatu, chifukwa ndi pamene C ilibe chisoni. Pulogalamu yamangika, ikuyenda, kenako yangofa ndi mawu awiri, "Segmentation fault", osatchula mzere. Tanthauzo lake n'lakuti yagwira memory imene si yake. Array (mndandanda wa malo osungira zinthu) ya malo 10 imayambira pa 0 n'kuthera pa 9. Mukalemba pa malo a 10, C sikuletsani. Zili ngati kulima modumpha malire: mwini munda akakhala pafupi mlandu umayamba tsiku lomwelo, koma akakhala kutali mumakolola zaka zingapo mukuyesa muli m'munda mwanu. N'chifukwa chake pulogalamu yomweyo imayenda pa kompyuta ya kuno, n'kukafa pa ya mnzanu. Zoyambitsa zina zimene tinaziona ndi kuiwala & mu scanf, kugwiritsa pointer imene sinapatsidwe kolozera, kusafunsa ngati fopen (yotsegula fayilo) kapena malloc (yopempha memory) yabweza NULL, chizindikiro chakuti yalephera, ndi kugwiritsanso memory imene mwaibweza kale ndi free.

Apa ndi pamene ndinaona kuti takhala tikuvutika chabe. Ife timamwaza printf, lamulo losonyeza mawu pa sikirini, paliponse n'kumalota. Aphunzitsi anatenga pulogalamu yofa ija, anaimanga ndi -g -fsanitize=address pa Linux, ndipo itafa inatchula fayilo, mzere, ndi array imene inadumphidwa malire. Anasonyezanso gdb, chida chofufuzira zolakwika: mumalemba run, ikafa mumalemba bt, n'kuona njira yonse imene pulogalamu inadzera. Valgrind imagwira ntchito yofananako, makamaka posaka memory imene munatenga osabweza.

Madzulo ena panabuka mkangano. Gulu lina linkati C ndi ya agogo, tiyambire pa Rust, chinenero chatsopano. Mfundo zawo n'zolemera ndithu. Mu 2019 kampani ya Microsoft inanena kuti pafupifupi 70 pa 100 alionse a mabowo a chitetezo amene imakonza chaka ndi chaka amachokera ku zolakwika za memory, ndipo Rust, imene mtundu wake wa 1.0 unatuluka mu 2015, inapangidwa kuti izikana zolakwika zoterozo pulogalamu isanayende. Ngakhale Linux, imene yalembedwa mu C kuyambira pachiyambi, inayamba kulandira Rust mu 2022.

Tinaiyesa. Ukapereka String ku function ina, kenako n'kufuna kuigwiritsanso ntchito, Rust imakana ndi nambala E0382, kunena kuti chinthucho chasamukira kwa mwini wina. Chinthu chilichonse chili ndi mwini mmodzi; ena angobwereka ndi &. Obwereka ongowerenga akhoza kuchuluka, koma wobwereka kuti asinthe amakhala yekha pa nthawiyo. Ophunzira atsopano amathawira ku .clone() paliponse kuti compiler ikhale chete, zimene zimayenda koma siziphunzitsa kanthu. Chimene ndinaikondera Rust n'chakuti madandaulo ake ndi aulemu: imalozera malo, imapereka maganizo, ndipo mukalemba rustc --explain E0382 imafotokoza ndi zitsanzo popanda intaneti. Nayo rustup doc imatsegula mabuku ake pa kompyuta pomwepo.

Komabe ine ndinaima ndi a mbali ya C, ndipo ndikupempha kuti nafenso tichite chomwecho chaka chino. Amene anali asanalumidwepo ndi Segmentation fault ankaona malamulo a Rust ngati nkhanza chabe, pamene amene anavutikapo ndi free ankangogwedeza mutu kuvomereza. Palinso nkhani ya m'thumba. Pa Windows, Rust imafuna linker ya Visual Studio Build Tools, apo ayi imati link.exe sinapezeke, ndipo zida zimenezo n'zolemera ma gigabyte angapo. Ilipo njira ya GNU yopepukirapo, koma cargo, chida chomangira mapulogalamu a Rust, imafunabe intaneti pokatenga ma crate (ma library a Rust), pokhapokha wina atawasungiratu ndi cargo vendor. Ndi mmene timagulira mega ife, gcc imodzi pa fulashi ikutikwanira. Okonda chinenero china chotchedwa Go analiponso ochepa. Chimene ndinatolako n'chakuti Go imakaniratu kumanga pulogalamu ngati muli variable kapena import imene simunaigwiritse ntchito.

Pempho langa kwa komiti ndi ili. Pa makompyuta a gulu tiikepo Linux, ngakhale pa awiri okha poyamba, kuti tikhale ndi gdb, Valgrind ndi -fsanitize=address ija. Aliyense azimanga ndi -Wall -Wextra -g kuyambira pulogalamu yake yoyamba, ndipo chenjezo tiziliona ngati cholakwika. Wofuna thandizo azibwera ndi lamulo limene analemba, dandaulo loyamba lonse monga lilili, ndi khodi yochepetsedwa mpaka patsale pokhapo povuta. Anzathu a ku Moatize amachita zimenezi, ndipo akuti nthawi zambiri munthu amapeza yekha vuto ali mkati mochepetsa khodiyo. Ndikupemphanso kuti tizisunga kope limodzi la gulu, mmene tizilembamo dandaulo lililonse latsopano m'Chingerezi chake, pansi pake tanthauzo ndi mankhwala ake m'Chichewa, kuti achimwene ndi achemwali obwera m'mbuyomu asamayambirenso pamene ife tinagwera.

Malisiti a chapa, malo ogona ndi chakudya ndapereka kwa a msungichuma pamodzi ndi chenji. Fulashi yokhala ndi Linux ndi mapulogalamu olakwika dala amene tinkayeserera ili kwa a mlembi. Loweruka likubwerali aliyense abwere ndi pulogalamu yake imene inamukanika, ngakhale ija anaitaya kalekale. Tidzayamba ndi ya alimi a mbatatesi.

Ine wanu,
Nthumwi yanu ku msonkhano wa ku Tete