Kwa Yamikani, amene wakwera peva

Wokondedwa mwana wanga Yamikani,

Amako andiwerengera uthenga wako kawiri, popeza maso anga salimbananso ndi tizilembo ta pafoni. Akuti akuchotsa pa reki, ndipo mwezi wamawa ukhala pampando wa peva, makina oyala phula, kumeneko pa M1, pakati pa Kasungu ndi Jenda. Ndakondwa kwambiri, mwana wanga. Ine ndinagwira fosholo zaka 6 ndisanaloledwe kukwera makina amenewo. Ndasankha kulemba papepala kuti uzibwereza madzulo uli kukampu.

Anyamata ambiri akangokwera peva maso awo amakhala kutsogolo basi, pamene msewu ukubadwira kumbuyo kwawo, pansi pa screed, chitsulo chachikulu chija chosalaza phula. Udziwe kuti chitsulocho sichinamangiriridwe pamsinkhu umodzi. Chimayandama pamwamba pa phula lotentha monga bwato pamadzi, chikukokedwa ndi mikono iwiri italiitali ija. Ukathamanga chimamira ndipo phula limapyapyala. Ukachepetsa liwiro chimakwera. Phula likaunjikana patsogolo pake chimakweranso, likachepa chimatsika. Ndiye chilichonse chimene dzanja lako lachita pampandopo chimalembeka pamsewu, ndipo rola singachifufute. Mabampu amene umawamva m'minibasi pamsewu watsopano, ambiri ndi malo amene peva inaima kapena kusintha liwiro.

Choncho sankha liwiro limodzi m'mawa, ulisunge. Liwirolo lichokere ku matipa, osati ku mphamvu ya injini. Tiye tiwerengere limodzi. Ngati mukuyala mamita 3.5 m'lifupi, phula lokhuthala mamilimita 50 likatsindiridwa, mita iliyonse imadya pafupifupi matani 0.42. Tipa ya matani 20 ikupatsa mamita 48 kapena kuchepera pang'ono. Tipa ikamafika imodzi pa mphindi 10 zilizonse, usafike mamita 5 pa mphindi. Ukathamanga mamita 10 udzaoneka katswiri kwa kanthawi, kenako uima n'kumadikira, screed itakhala pa phula n'kumadinda chidindo chake, phula la m'mbali likuzizira. Kapitawo akakukuwira kuti "tiye, tiye", muyankhe mwaulemu ndi masamu amenewa. Kapitawo wanzeru amamva.

Uziyang'anitsitsa auger, chitsulo chozungulira chija chomwaza phula patsogolo pa screed. Phula lizifika chapakati pake, kuchokera mbali ino mpaka mbali inayo, ndipo iziyenda pang'onopang'ono osalekeza. Ikamazungulira mwaphuma, kuima, n'kuyambanso, miyala ikuluikulu imapatukana ndi yaing'ono, ndipo msewu umatuluka ndi zigamba zokhakhala zolowa madzi. Hopa nayo, momwe tipa imakhuthulira phula, usamaipukute mpaka pansi tipa ina isanafike. Mapiko ake usamapinde tipa iliyonse, chifukwa zimene zimakhala m'makona ndi zibuma zozizira ndi miyala yokhayokha.

Madalaivala a matipa udziwane nawo, uziwapatsa moni ndi kumwa nawo tiyi. Tipa iziima pang'ono isanakhudze peva, iwe ndiwe uziyandikira n'kuyamba kuikankha. Akakugunda pobwerera m'mbuyo, screed imadzidzimuka ndipo mzere umatsala pamsewu.

Tsopano ndikuuze chimene chimandipwetekabe mtima. Chaka china mu Novembala, mitambo itayamba kuda, tinatsala ndi kachigawo kakang'ono kuti titsirize. Tipa yomaliza inawonongeka panjira, ndipo inafika patapita maola, lona itang'ambika, phula litachita chikhakha pamwamba. Phula labwino limafika pa peva lili pa madigiri 140 mpaka 160, likusuntha ngati lamoyo. Lija linkagwa m'hopa ngati zigulumwa za m'munda. Akuluakulu anati tiyale, mvula isatipeze. Ndinadziwa kuti n'zolakwika, koma ndinaopa kuoneka wamwano, ndinayala. Rola inapita n'kubwerera kambirimbiri, koma phula likatsika kufika cha m'ma 80 silimvanso rola. Dzinja lachiwiri lisanathe miyala inayamba kuzuka, kenako maenje. Ndadutsapo pamalopo kangapo, ndikumva anthu m'basi akutukwana amene anamanga msewuwo, ine ndili chete pakati pawo. Iwe usadzakhale chete m'basi chotero. Pempha kuti kachipangizo koyezera kutentha kalowe m'tipa iliyonse, ndipo yozizira ibwerere ngakhale wina akwinye nkhope. Pansi pakanyowa, musayale. Kumeneko ku Jenda mu Juni ndi Julayi mphepo imaziziritsa phula msangamsanga, makamaka lopyapyala, ndiye rola yoyamba izikhala kumbuyo kwako kwenikweni.

Anyamata awiri oima pa screed ndi maso ako akumbuyo. Pangana nawo zizindikiro za manja, popeza mawu samveka injini ikamalira. Koma uwaletse kuseweretsa zogwirira zija zokwezera ndi kutsitsa. Akapotokola kamodzi, kusinthako kumaoneka kwathunthu peva itayenda mtunda wotalika ngati mkono wokokera screed kasanu. Wosaleza mtima amapotokolanso asanaone zotsatira, ndipo msewu umachita mafunde. Kumbukiranso kuti rola imatsindira: pofuna mamilimita 50, screed izisiya 60 kapena kupitirira pang'ono.

M'mawa tenthetsa screed mokwanira musanayambe, apo ayi phula limamatirira n'kung'ambika. Uikhazike pa timatabwa pamene munalekera dzulo, pamphepete podulidwa bwino ndi kupakidwa phula lamadzi. Madzulo yeretsa makina akadali otentha. Ena amathira dizilo m'hopa kuti phula lisamate. Dizilo amasungunula phula, ndipo limene liyalidwe mawa lake limafooka. Gwiritsa ntchito mankhwala amene kampani yapereka.

Za moyo wako sindingaleke kunena. Munthu asaime pakati pa tipa ndi hopa, ngakhale kwa kamphindi. Dzanja kapena fosholo zisayandikire auger injini ikulira. Phula likakudonthera pakhungu, thira madzi ozizira kwa mphindi 20, usalimatule, upite kuchipatala. Mu Okutobala kutentha kwa pampando paja kumazunguza mutu, choncho chigubu cha madzi chizikhala pambali pako. Ndipo za mowa wa Lamlungu madzulo, tinakambirana kale.

Kuno kwathu, chitsegulire zipata zolipirira pa Chingeni mu 2021, aliyense wokwera minibasi amafunsa kuti ndalama za misewu zikugwira ntchito yanji. Amalume ako amva kale kuti uli pa peva, ndipo akuti akadzapita ku Mzuzu adzawerenga mabampu kuyambira pa Kasungu. Ndawauza kuti pachigawo chako sadzapeza chowerenga.

Undilembere kuti peva yakoyo ndi Vögele kapena Dynapac, komanso ngati posunga msinkhu wa phula mukutsata chingwe kapena masensa, chifukwa pali zina za mphepete ndi polumikizira zimene ndikufuna tidzakambirane maso ndi maso. Mvula ikadzaimitsa ntchito ubwere, ubweretse mkazi wako ndi adzukulu. Amako akuti nsapato zija za chitsulo kumapazi uzivala ngakhale zikuwotcha, ndipo akutumizira ufa ndi mtedza pa basi ya Lachisanu.

Ndine bambo ako.