Dandaulo pa printa ya zithunzi ya A3+ imene munandigulitsa

Kwa a Manejala,

Bwana, ndasankha kulemba kalata chifukwa foni ndaimba mokwanira, ndipo aliyense woyankha amandiuza kuti nkhaniyi ndi ya mnzake.

Miyezi isanu ndi iwiri yapitayo ndinagula printa yosindikiza zithunzi zikuluzikulu m'sitolo yanu ya ku Blantyre, lisiti ndikadali nalo. Ndi ija ya makatiriji khumi, yolandira pepala la A3+, la mamilimita 329 m'lifupi ndi 483 m'litali. Ine sindili ndi studio. Ndimajambula ana anga, zinkhoswe za abale ndi phiri lathu lino la Zomba, ndipo ndinkafuna zithunzi zopachika pakhoma zoti zisasuluke. Mnyamata wanu wogulitsa anandilangiza kuti nditenge ya inki ya pigment, osati ya dye, poti imapirira kuwala zaka zambiri. Apo sananame. Koma nditamufunsa ngati inki yake mumakhala nayo, anati, "Musadandaule mayi, imabwera mwezi ndi mwezi."

Printa yatsopano imayamba yamwa inki yambiri podzaza njira zake mpaka ku hedi, kachipangizo kopopera inki papepala, choncho makatiriji obwera nayo sanakhalitse. Woyamba kutha unali wa inki yotuwa. Ndipo makinawa, mtundu umodzi ukangotha, amakaniratu kusindikiza ngakhale ina isanu ndi inayi ili yodzaza. Ndinabwera kwanuko kawiri, ulendo wa minibasi kupita ndi kubwera, n'kuuzidwa kuti katundu ali m'njira. Anafika patatha milungu khumi ndi umodzi.

Inu amene mumagulitsa makinawa mukudziwa chimene milungu imeneyo imachita. Inki ya pigment ndi tinthu tolimba ting'onoting'ono toyandama m'madzi, ndipo printa ikakhala osagwira ntchito timauma m'timabowo ta hedi. N'chifukwa chake ndinkasindikiza kanthu mlungu uliwonse, ndinkaifunditsa nsalu kuopa fumbi la m'chilimwe, ndiponso ndinkaizimitsa ndi batani lake kuti hedi ibwerere pamalo pake potsekeka, osati kungozula waya. Ndinachita kuigulira UPS, batire lothandiza magetsi akazima, chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi. Koma printa yokana kusindikiza ndikanaisamalira bwanji?

Katiriji nditaika, nozzle check, yomwe ndi pepala loyesera ngati timabowo tonse tikutulutsa inki, inatuluka yodukaduka pa mitundu itatu. Ndatsuka hedi kanayi, ndipo poti printa imatsuka ndi inki yomweyo, inki yodula ija yathera m'kabokosi kolandira inki yotayika, kamene tsopano kadzadza, ndipo mwandiuza kuti nakonso mulibe. Chithunzi cha ukwati wa mng'ono wanga chinatuluka ndi mizere yoyera pankhope ya mkwatibwi. Mayi athu atachiona anangoti kukamwa yasa.

Chimene chandipweteka ndi yankho la amisiri anu loti walanti sikhudza hedi yotsekeka chifukwa chosagwiritsa ntchito. Anaikhazika pansi printayi ndani, ine kapena inu?

Ndikupempha kuti mukonze hedi kapena muike ina popanda kundilipiritsa, mundipezere kabokosi ka inki yotayika, ndipo mundilembere ngati inki ya printayi muzikhala nayo. Ngati simungathe, tengani makina anu mundibwezere ndalama. Masiku 14 akapita osamva kanthu, ndikasiya nkhaniyi ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe loteteza ogula. Ndaphatikiza fotokope ya lisiti ndi pepala la nozzle check lija.

Ine kasitomala wanu,
wa ku Zomba