Yezani boti musanagule injini yatsopano

Akonzi,

Tiloleni tilankhule ndi eni maboti a matanga a pa nyanja ya Malawi, makamaka amene akuganiza zochotsa injini yakale ya dizilo mwera usanayambe. Boti la matanga limafuna injini pa nthawi yovuta: polowa pa doko, mphepo ikaleka, kapena mafunde akamalikankhira ku miyala ya ku Likoma ndi Chizumulu. Zimatiwawa kuona munthu atawononga ndalama zambiri pa injini yabwino, koma boti n'kumayenda moipa kuposa kale. Nthawi zambiri injiniyo imakhala ilibe mlandu. Vuto ndi lakuti anagula asanayeze.

Injini yakale isanachotsedwe, tengani tepi ndi kope. Lembani mtunda wa pakati pa mitanda iwiri imene injini imakhalapo, kutalika kwa shafiti (chitsulo chachitali chozungulitsa pulopela, mapiko okankha boti m'madzi) kuchokera pa mitandayo, ndi mmene shafiti yapendekera. Yang'anani kachitsulo kolembedwa pa giyabokosi kuti mudziwe kuti injini imazungulira kangati shafiti ikazungulira kamodzi, ndipo onetsetsani mbali imene pulopela imazungulira boti likamapita kutsogolo. Pulopela yozungulira kumanja ikaikidwa pa giyabokosi yozungulira kumanzere, mukaika giya yakutsogolo boti limabwerera m'mbuyo.

Mphamvu musachulutse. Mahatchi (muyeso wa mphamvu ya injini) 3 kapena 4 pa tani iliyonse ya kulemera kwa boti ndi okwana, ndiye kuti boti la matani 5 limayenda bwino ndi injini ya mahatchi pafupifupi 20. Injini yaikulu kuposa pamenepo imangolemeretsa kumbuyo, ndipo poti imagwira ntchito yopepuka nthawi zonse, mwaye umadzaza m'kati mwake. Amene akuganiza zoika injini ya lole adziwenso kuti giyabokosi ya galimoto sinapangidwe kuti izilandira kukankha kwa pulopela. Popanda bering'i yapadera yolandira mphamvu imeneyo, imaphwanyika msanga.

Pulopela ndi imene ambiri amaiwala. Injini zakale zinkazungulira pang'onopang'ono, pomwe zamakono monga Yanmar 3YM20 zimafika pozungulira maulendo 3600 pa mphindi. Pulopela yakale ikakhala yolemera kwa injini yatsopano, kutanthauza kuti injini ikuvutika kuizungulitsa, mudzaona utsi wakuda, injini izitentha, ndipo sidzafika liwiro lolembedwa m'buku lake ngakhale mutaitsegulira mafuta onse. Ikakhala yopepuka, injini imangolira koma boti osayenda. Yesani pa madzi abata, mutaikamo katundu wa masiku onse.

Tsopano nkhani yowongola shafiti, imene tikufuna muimvetse bwino. Mbale ya giyabokosi ndi mbale ya shafiti, zitsulo zozungulira zimene zimalumikiza ziwirizi, ziyenera kukumana ndendende mabawuti asanamangidwe. Lowetsani feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera mpata, pakati pa mbalezo pamwamba, pansi, kumanja ndi kumanzere. Pa mbale ya mamilimita 100, kusiyana kusapitirire mamilimita 0.1. Konzani pokweza kapena kutsitsa manati a miyendo ya injini pang'onopang'ono, kenako zungulitsani shafiti ndi dzanja n'kuyezanso. Ntchito imeneyi ikachitikira pamtunda ndiye kuti sinathe. Boti lamatabwa likalowa m'madzi limafufuma n'kusintha kakhalidwe, choncho lisiyeni masiku angapo, mukokenso zingwe za mlongoti monga zimakhalira pa ulendo, ndiye muyezenso. Shafiti yokhota imanjenjemeretsa boti, imadya bering'i ya rabara ya kumbuyo, ndipo madzi amayamba kulowera pamene shafiti imatulukira. Pamalo amenewo, chingwe chotsekera madzi chimangidwe moti pazidontha madontho ochepa pa mphindi shafiti ikamazungulira. Mukamangitsa, pamatentha n'kukanda shafiti. Mitanda ikakhala yofumbwa, sinthani, chifukwa mabawuti sagwira pa thabwa lowola.

Ekizozi yapha injini zambiri zatsopano. Madzi oziziritsa injini amatuluka limodzi ndi utsi, ndiye paipi iyenera kutsetsereka kuchoka ku injini kupita ku kabokosi kosungira madzi otsala, kenako ikwere pamwamba pa mzere wa madzi isanatulukire kunja. Boti la matanga limapendekeka, ndipo mafunde ochokera kumbuyo amatha kukankhira madzi m'paipi. Ngati injini yakhala pansi pa mzere wa madzi, ikani valavu yolowetsa mpweya pamwamba pa paipi ya madzi kuti nyanja isamadzikokere yokha mu injini. Ndiponso injini ikakana kulira, tsekani mpopi wa madzi musanapitirize kuliza sitata. Mukapanda kutero kabokosi kamadzaza, madzi n'kulowa m'masilinda, ndipo pisitoni ikagunda madzi, chitsulo choigwira chimapindika.

Thanki yakale itsukidwe. Pansi pake pamakhala madzi ndi matope akuda amene mafunde amavundula, sefa n'kutsekeka pa nthawi imene mukuifunitsitsa injini. Ikani mapaipi atsopano ndi sefa yolekanitsa madzi ndi dizilo, kenako chotsani mpweya m'mapaipi musanalize. Oyilo ndi sefa yake musinthe pakatha maola 50 oyamba, ndipo tsiku lomwelo muyezenso shafiti, popeza miyendo ya rabara yatsopano imatsika pang'ono ikalemedwa. M'boti muzikhala impeller ina (kagudumu ka rabara ka m'pampu ya madzi oziziritsa injini), lamba wina ndi masefa awiri a dizilo.

Ndife,
Amakaniko a injini za maboti,
Monkey Bay