Loweruka lino tiphunzira kuimba ndi slide

Abale ndi alongo m'gulu lathu la gitala, Loweruka tikumana malo athu aja ku Mbare, 2 koloko masana. Tiphunzira blues pogwiritsa ntchito slide (khosi la botolo lotsetsereka pa nsambo), kaimbidwe kamene akuluakulu kumudzi ankati hauyani.

Bwerani ndi khosi la botolo, koma mulipale kaye m'mphepete. Ine mwezi watha ndinadzicheka chala chifukwa cha phuma. Livaleni kuchala chaching'ono, ligunde nsambo pamwamba penipeni pa fret (kachitsulo kopingasa pakhosi la gitala), osakanikiza mpaka pathabwa, apo ayi mungomva kwekwekwe.

Magitala muchuniretu kunyumba, kuyambira nsambo yaikulu: D-G-D-G-B-D. A ukulele musakhale, ngakhale nsambo za nayiloni sizilira nthawi yaitali. Amene munabwereka capo uja (chopanira nsambo), chonde mubweze.