Winchi yopanda buleki yabwino ndi msampha

Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi amakaniko anzanga komanso eni magalimoto okokera anzawo kudzera mu nyuzipepala yanu, chifukwa ndikawauza pamaso kuno ku Luwinga amangoseka n'kuti mdala wayambapo zake zija. Ndine makaniko ndipo ndakhala pa bulekidauni zaka zoposa 20. Ntchito yanga ndi yosolola malole m'matope a ku Chikangawa, kukoka mathiraki amene aphonya msewu wa M1 pa Chiweta, nthawi zina mpaka kutsikira ku Nkhata Bay. Nkhani yanga ndi ya giyabokosi ya winchi ya hayidiroliki, makina okokera ndi chingwe oyendera mphamvu ya oyilo, ija timaitcha planetary, ndi buleki imene imakhala pambali pake.

Mwezi wa Malichi chaka chatha ndinali kumaliro kwathu ku Mzimba kwa sabata yathunthu. Ndimachoka winchi itayamba kulemera. Ikamazungulira inkachita ngati wina waigwira m'chiuno, ndipo pabuleki pankatentha moti sukanasiyapo chikhatho. Mnyamata wanga, pofuna kuti ntchito isaime, anaipititsa pagalaja ina. Sindiitchula, ndi anthu amene timabwerekana nawo masipanala. Anaikonza tsiku limodzi, ndipo nditabwerako ndinapeza ikuthamanga ngati yangotsika m'sitima. Ndinayamikira, ndalama n'kulipira osanyinyirika.

Patapita masiku anayi anatiitana ku Chikangawa, kumene lole ya matabwa inali itatitimira pamalo otsetsereka m'kamsewu ka m'nkhalango. Mvula ya kuno mukuidziwa, imangowaza tsiku lonse mpaka dothi lofiira lija kusanduka sopo. Tinamanga chingwe, ndinakoka, lole inakwera mwina mamita asanu. Ndinabweza liva pakati kuti anyamata aike zipika kumbuyo kwa matayala. Dilamu, chitsulo chozungulira chimene chingwe chimakulungidwapo, inayenera kuima nji. Koma iyo inayamba kubwerera yokha, mwakachetechete, ngati muvi wa wotchi. Panalibe phokoso lililonse lochenjeza, ndipo n'chimene chimandisowetsa tulo mpaka lero. Mnyamata mmodzi anali atagwada kumbuyo kwa tayala ndi chipika m'manja, nkhope itayang'ana pansi. Ndinakuwa dzina lake, iye anagubuduka n'kugwera m'ngalande, tayala n'kuponda pomwe panali bondo lake.

M'mawa mwake winchiyo ndinaimasula ndekha. Mwa masipiring'i 12 amene amapana buleki, asanu kunalibe. A pagalaja paja anawachotsa dala kuti buleki isamagwire. Vuto lenileni linali kaseal, kamphira kotsekera oyilo, ka pisitoni ya buleki kamene kanali katatha, kakudontha, moti puresha siinkakwana kumasula buleki yonse. Kanthu kamtengo wochepa kuposa dizilo amene tinawotcha popita kunkhalangoko. Oyilo wa hayidiroliki amene ankadonthayo analowa m'giyabokosi n'kusungunula oyilo wa magiya, n'chifukwa chake pakabowo kopumira pankanyowa masiku onsewo. Chizindikiro chinalipo, ine ndemwe sindinachiwerenge, choncho mlandu wina ndi wanga.

Amene anachotsa masipiring'iwo si chitsiru. Anaphunzira ntchito pa mawinchi akale a worm, monga momwe ndinaphunzirira ine. Winchi ya worm ili ndi chitsulo chonga bawuti yaikulu chimene chimatembenuza giya ya mkuwa. Magiya amenewo amakhulana kwambiri, amatentha, amadya mphamvu yambiri, koma kukhulana komweko kumathandiza kuti katundu asabweze dilamu mosavuta. Munthu wozolowera zimenezo amaganiza kuti magiya ndi amene amagwira katundu, buleki ndi yongothandizira. Pa planetary maganizo amenewo amapha munthu.

M'kati mwa giyabokosiyi muli giya yaing'ono pakati, sun gear, imene imazunguzidwa ndi mota ya hayidiroliki. Moizungulira muli magiya atatu kapena anayi, ma planet, okhala pachitsulo chimodzi chotchedwa carrier. Kunja kwa onsewo kuli mkombero waukulu wokhala ndi mano m'kati mwake, ring gear. Anyamata ophunzira ntchito ndimawauza kuti aganize za bwalo la gule: wang'oma ali pakati, ovina akuyenda momuzungulira, owonera aima chilili kupanga mpanda. Mkombero ukagwidwa kuti usayende, ma planet amakakamizika kuyenda m'kati mwake, n'kumakoka carrier pang'onopang'ono koma ndi mphamvu yaikulu.

Masamu ake ndi a pulayimale. Werengani mano a ring, gawani ndi mano a sun, onjezanipo 1. Ring ya mano 72 ndi sun ya mano 18 zikupatsani 5, kutanthauza kuti mota izungulire kasanu kuti carrier izungulire kamodzi. Mukalumikiza magawo awiri otere motsatizana mwapeza 25, atatu ndi 125. Liwiro likamatsika chomwecho, mphamvu yopotokola imakwera pafupifupi mofanana, chifukwa gawo lililonse limangotaya mwina magawo atatu pa 100 alionse. Ndipo popeza katundu amagawana ma planet onse, osati dzino limodzi pa linzake, kabokosi kokwana m'chidebe cha malita 20 kamatha kukoka lole yodzaza ndi matabwa aawisi. Mwa zina giyabokosi yonse imabisala m'mimba mwa dilamu momwemo. Si nzeru yatsopano ayi. Galimoto ya Ford Model T ya mu 1908 inali ndi magiya a mtunduwu, ndipo amene munakwerapo njinga zakale za magiya atatu a Sturmey-Archer m'habu yakumbuyo munkapalasa planetary osadziwa.

Tsono ubwino womwewo ndiwo msampha. Magiya amene sataya mphamvu yambiri popita kutsogolo satayanso yambiri pobwerera. Lole ikakoka chingwe, dilamu imatembenuza carrier, carrier imatembenuza ma planet, iwo n'kutembenuza sun ndi mota yomwe. Mota ya hayidiroliki nayo, ngakhale mutatseka njira zonse za oyilo, imadontha pang'ono m'kati mwake, choncho imagonja pang'onopang'ono. N'zimene ndinaona ndi maso anga ku Chikangawa.

Ichi n'chifukwa chake opanga mawinchiwa anaika buleki yogwira ntchito mosemphana ndi ya galimoto. Ya galimoto imagwira ukaponda. Ya winchi imakhala yogwira nthawi zonse chifukwa masipiring'i amapanikiza timbale take pamodzi, ndipo imamasuka pokhapokha puresha ya oyilo ikakankha pisitoni. Injini ikazima, payipi ikaphulika, pampu ikafa, puresha imatha ndipo buleki imaluma yokha nthawi yomweyo. Kuchotsa sipiring'i imodzi n'kuchotsa gawo la mphamvu yogwirira katundu. Buleki ikamakoka kapena kutentha, yezani puresha yoimasula ndi geji, onani ma seal, onani ngati timbale sitinapindike. Sipiring'i musaikhudze pokhapokha ngati mukuika yatsopano, ndipo muike zonse pamodzi.

Palinso kavalavu kokhala pamota, counterbalance valve, kamene ndaona anthu akukachotsa n'kulumikiza mapayipi mwachindunji ati kakuchedwetsa ntchito. Inde kamachedwetsa, ndiyo ntchito yake. Potsitsa katundu, kamaletsa oyilo kutuluka m'mota mofulumira kuposa momwe pampu ikulowetsera, kuti katundu asathamange yekha kutsogolo kwa woyendetsa. Amene munaonapo thanka ya mafuta yochokera ku Dar es Salaam itapendekeka pa Chiweta, phompho lili pansipo, mundiuze ngati pamenepo mungafune winchi yothamanga.

Za oyilo ndiye ndi nyimbo yakale. Ndatsegulapo magiyabokosi ndi kupezamo oyilo wakuda wochotsedwa mu injini, mwina girizi, mwina zosakaniza zonga thobwa. Magiya amenewa amafuna oyilo wa magiya wa EP, wopirira kupanikizika kwambiri, kawirikawiri wa ISO VG 150 kapena 220, koma mawu omaliza ndi a kachitsulo kolembedwa pa winchipo kapena buku lake. Ndikutero chifukwa pa mawinchi ena timbale ta buleki timasambira mu oyilo yemweyo, ndipo oyilo wolakwika amatiterereretsa. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Kuno ku Mzuzu, kumene mvula imafika mpaka Epulo ndi Meyi ndipo chinyontho sichitha, madzi amalowera pakabowo kopumira kapena pa seal ya dilamu, makamaka kwa anzathu otsuka galimoto ndi payipi ya puresha. Bawuti yotsitsira oyilo pa magiyabokosi ambiri ili ndi maginito. Fumbi lachitsulo losalala pang'ono si lodetsa nkhawa, koma mukapezapo tizidutswa tomveka pakati pa zala, dzino kapena bering'i yayamba kunyotsoka, imitsani ntchito. Ndipo planet imodzi ikafa musasinthe iyo yokha. Agawane katundu bwanji wina ali ndi mano atsopano, anzake akutha?

Chinthu china chimene chimathyola mano ndi kusadziwa kuti matani olembedwa pa winchi ndi a chingwe chikakhala pamzere woyamba, pafupi ndi chitsulo cha dilamu. Chingwe chikamaunjikana mizere itatu kapena inayi, dilamu imakhala ngati yanenepa, ndipo mphamvu yokoka imatsika. Woyendetsa wosadziwa amaona ngati winchi yafooka, n'kupita kukapotokola valavu ya puresha kuti ikwere. Winchi imakokadi tsiku limenelo, koma magiya, chingwe ndi buleki zasenzetsedwa katundu amene sizinapangidwire. Njira yabwino ndi kuimika bulekidauni patali, kumasula chingwe chambiri n'kusiya mikombero yosachepera isanu padilamu, kapena kudutsitsa chingwe pa snatch block, kagudumu kokhotetsera chingwe, kuti chikoke pawiri. Zimachedwa, koma mvula ya ku Chikangawa imakunyowetsa chimodzimodzi kaya wafulumira kaya wachedwa.

Ndikudziwa chimene anzanga ayankhe: zipangizo zili kuti? Apa ndiwavomereza. Mawinchi ambiri amene tili nawo anabwera ndi magalimoto akale ochokera kunja, opanda buku, ena kachitsulo kolembedwa manambala kaja katapakidwa penti kapena katasowa. Kuti upeze ma seal ndi timbale ta buleki uyenera kutumiza uthenga ku Dar es Salaam, katundu adzere pa Songwe, kapena ku Johannesburg, ndipo ndi momwe ndalama zakunja zikuvutira, galimoto ikhoza kukhala pamiyala mwezi wathunthu mwini wake akulipira ngongole. Munthu wa ana kunyumba amachotsa sipiring'i. Sindikumukhululukira, koma ndikumumvetsa. Kwa ogulitsa zipangizo za magalimoto mu mzinda uno ndikuti, mashelefu anu adzaza ndi mafyuluta ndi mababu, bwanji osasungako ma seal a mabuleki a mawinchi ndi a mamota a hayidiroliki? Salemera, sadya malo, ndipo ogula tilipo. Kwa eni magalimoto, jambulani kachitsulo ka manambala kaja ndi foni lero lomwe, penti isanakafike.

Pempho langa lina likupita kwa a TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndi a Mzuzu Technical College. Tikonzereni maphunziro aafupi, ngakhale a Loweruka lokha, a ife amene tinaphunzirira ntchito pansi pa mtengo ndipo sitingabwererenso m'kalasi zaka zitatu. Giyabokosi imeneyi sili pa winchi pokha. Ili m'miyendo ya ma excavator amene akukumba misewu, ili pamakina okumba mijigo, ili m'mahabu a mathiraki ena akuluakulu, ngakhale m'masitata ambiri a magalimoto ang'onoang'ono. Makaniko womvetsa sun, planet ndi ring watsegula zitseko zambiri nthawi imodzi. Ndipo wophunzitsayo abwere ndi geji ya puresha, chifukwa ambiri a ife timayeza hayidiroliki ndi khutu basi.

Zipangizo za winchi yanga zinafika patatha masabata asanu ndi limodzi. Ndisanaibwezere pantchito ndinakokera lole yanga yakale pakamtunda kuseri kwa galaja, ndinabweza liva pakati, ndinazimitsa injini, n'kulemba mzera wa choko kuchoka padilamu kufika pachitsulo chosayenda. Tinadya nsima, tinamwa tiyi, mzera unali pomwepo. Tsopano ndimachita zimenezi nthawi iliyonse munthu akakhudza buleki, ngakhale munthuyo ndi ine. Mnyamata uja akadali nane, koma sagwadanso kumbuyo kwa tayala, amakankha chipika ndi mtengo wautali ataima pambali. Timbale takale, pisitoni ndi kaseal kong'ambika kaja ndinaziika pabenchi, pamodzi ndi giyabokosi ina yakufa imene ndinaidula mbali imodzi kuti magiya azioneka akamazungulira. Wofuna kuona afunse ku Luwinga za mdala wa bulekidauni, Loweruka masana ndimakhalapo ngati sikunagwe lole kwina.

Ine wanu,
Makaniko wa bulekidauni,
Luwinga, Mzuzu