Kuopsa kwa mwanamphepo n'koti amagwiradi ntchito

A Mkonzi,

Tisamanamize amayi kuti mwanamphepo, mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda a kubereka, sagwira ntchito. Amagwira, ndipo ngozi yake yagona pomwepo.

Azamba a ku Ulaya anadutsa momwemu. Zithunzi zawo za zaka za m'ma 1400 ndi 1500 zimaonetsa mayi ali pa kampando kochirira, amayi anzake atamuchirikiza kumsana, mzamba ali kutsogolo. Ku England ena ankamanga m'mimba lamba wachikopa wolembedwa mapemphero. Lambayo sankavulaza munthu. Chovulaza chinali ergot, chuku chakuda chomera pa ngala za mbewu ya rye, chomwe Adam Lonicer, katswiri wa zitsamba wa ku Germany, analemba mu 1582 kuti azamba amapereka pofulumizitsa matenda. Pofika 1822, dokotala David Hosack wa ku New York anali atachenjeza kuti ana ambiri akubadwa akufa nacho. Mu 1935 akatswiri anapatula m'chukucho mankhwala otchedwa ergometrine, ndipo lero amabaya pa mlingo wodziwika, mwana atabadwa kale, poletsa magazi.

Mwanamphepo wothira m'phala alibe mlingo. Muzu wa m'dambo ndi wa kumtunda mphamvu zake sizifanana, ndipo womwetsa sadziwa kuti khomo la chiberekero latseguka bwanji. Limayenera kufika masentimita 10. Matenda abwino amabwera katatu mpaka kasanu pa mphindi 10, mimba n'kumafewa pakati kuti magazi afike ku nsengwa. Ikangouma gwa osapumira, mwana amabanika, ndipo mtima wake, woyenera kugunda pakati pa 110 ndi 160 pa mphindi, umatsika. Mwana akakhala wopingasa, njira ikachepa, kapena mayi akakhala ndi chipsera cha opaleshoni, chiberekero chimang'ambika. Mayi amamva ululu wobaya, kenaka matenda amangoti zii, thukuta lozizira lili kamukamu, magazi akutayikira m'kati mosaoneka. Apongozi amayesa kuti wapumula.

Chondiwawa n'choti ambiri amamwera pa chidikiro penipeni, mobisa, chifukwa masiku achuluka ndipo ufa watha.

Inu anakubala ndi apongozi ochokera ku Khombedza, Chipoka kapena Senga Bay, ngati mwana wanu wamwa kale, auzeni anamwino msanga: wamwa chiyani, nthawi yanji, makapu angati. Nafenso azamba tisawakalipire, poti wokalipiridwa amabisa. Tikadziwa, timamvetsera mtima wa mwana pafupipafupi, n'kuitanitsa ambulansi yopita ku chipatala chachikulu cha Salima chiberekero chisanang'ambike.

Mzamba wokhudzidwa,
Salima