Lipoti la msonkhano wa za VAT kwa ife ochita dropshipping ku UK

A Wapampando, a komiti, ndi mamembala nonse,

Munandituma ku msonkhano wa amalonda ang'onoang'ono a pa intaneti kuti ndikamve makamaka za VAT, msonkho wowonjezera pa mtengo wa zogulitsa, popeza ambiri mwa ife timagulitsa katundu amene sitimugwira n'komwe: kasitomala akaoda pa sitolo yathu, wogulitsa wa ku China ndiye amatumiza mpaka pakhomo pake. Malisiti a sitima ndi a malo ogona ndapereka kale kwa a msungichuma, ndipo wofuna kuwaona akhoza kutero. Amene munkati ndalamazi zikanagwira ntchito ina, chonde werengani mpaka pa nkhani ya akaunti imodzi ija, kenako tidzakambirane.

Gawo la kujambula katundu ndi kutsatsa pa TikTok munalibe chachilendo. La inshulansi linali longoitanira malonda. Phindu lonse linali m'gawo la masana, limene anatsogolera akauntanti odziwa za msonkho wa katundu wochokera kunja, ndipo ndikhalitsa pamenepo.

Malire olembetsera VAT ku HMRC, bungwe lotolera misonkho ku UK, ndi £90,000 kuyambira pa 1 Epulo 2024. Kale anali £85,000. Ambiri m'gulu lathu chiwerengerochi amachidziwa, koma amachiwerenga molakwika. HMRC imayang'ana ndalama zonse zimene makasitomala alipira, osati phindu lotsala mutachotsa zogulira katundu ndi zotsatsira. Komanso siwerenga chaka cha Januwale mpaka Disembala kapena chaka cha msonkho. Kumapeto kwa mwezi uliwonse muyenera kuphatikiza zogulitsa za miyezi 12 yapitayo. Tinene kuti chinthu chanu mumagulitsa £30. Maoda 250 pa mwezi ndi £7,500, ndipo pa miyezi 12 mwafika pa £90,000. Ngati pa oda iliyonse mumatsala ndi £6, ndiye kuti m'thumba mwalowa £18,000 yokha, koma mukangowonjezera oda imodzi lamulo lakupezani. Dropshipping imafikitsa munthu pa malirewa msanga chifukwa ndalama zodutsa m'manja n'zambiri pamene zotsalira n'zochepa. Katundu wa VAT ya 0 peresenti, monga zovala za ana aang'ono ndi mabuku, amawerengedwanso. Ntchito zimene mumagula ku makampani a kunja kwa UK, zimene zimagwera pa lamulo la reverse charge, loti VAT aziwerengera wogula m'malo mwa wogulitsa, nazonso zimawonjezeredwa pa chiwerengerocho, ndipo kwa ife izi zikhoza kukhudza ndalama zina zotsatsira malonda.

Mukadutsa malire, muli ndi masiku 30 kuchokera kumapeto kwa mwezi umene mwadutsirawo. Mukadutsa mu Okutobala, lembetsani pofika pa 30 Novembala, ndipo VAT muyamba kuwerengera pa 1 Disembala. Pali muyeso wina woyang'ana kutsogolo: ngati mukuona kuti m'masiku 30 akubwerawa okha mugulitsa zoposa £90,000, mulembetse masiku 30 amenewo asanathe, ndipo VAT iyambira tsiku limene munazindikira. Wochedwa amalipira VAT yonse kuyambira tsiku limene anayenera kulembetsa, ngakhale kuti makasitomala sanamupatse, ndipo pamwamba pake pakhoza kubwera chindapusa. Ngati mwadutsa chifukwa cha nyengo imodzi yokha, monga malonda a Khirisimasi, mukhoza kupempha HMRC kuti isakulembetseni, koma muyenera kusonyeza kuti miyezi 12 ikubwerayo simupitirira £88,000. Kupempha kwake n'kolemba, si kungokhala chete.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi momwe anafotokozera £135, chifukwa nkhaniyi takhala tikukangana nayo pa WhatsApp popanda woimasula. Kuyambira pa 1 Januwale 2021, phukusi lochokera kunja la mtengo wosapitirira £135 sililipiritsidwa VAT pa doko. VAT yake imatengedwa pa nthawi yogulitsa, ndipo chikhululukiro chakale cha katundu wa £15 chinathetsedwa. £135 imeneyi ndi mtengo wa phukusi lonse, osati wa chinthu chimodzi, ndipo ndalama za mtumizo siziwerengedwa ngati zalembedwa padera pa invoisi. Zinthu zitatu za £50 zikamangidwa pamodzi ndi phukusi la £150, ndipo lamulo lasintha. Funso lalikulu ndi loti VAT imeneyi atenge ndani. Mukagulitsa kudzera pa msika wa pa intaneti monga eBay kapena Amazon, msikawo ndiwo umatenga VAT n'kupereka ku HMRC. Mukagulitsa pa sitolo yanu ya Shopify, udindo ndi wanu, chifukwa Shopify ndi chipangizo chomangira sitolo, si msika woterewu. Kwa wokhala ku UK, malonda amenewa amawerengedwa ngati ochitikira mu UK ndipo amalowa m'chiwerengero cha £90,000.

Phukusi likapitirira £135, VAT ndi msonkho wa kasitomu zimalipiridwa polowa m'dziko, ndipo wolipira ndi amene walembedwa kuti ndiye wolowetsa katunduyo. Apa ndi pamene madandaulo ambiri a makasitomala athu amachokera. Wa ku China amalemba dzina la kasitomala, kampani yonyamula katundu imatumiza bilu ya VAT ndi ndalama zake zogwirira ntchito, kasitomala amene sanauzidwe amakana phukusi n'kuitanitsa ndalama zake ku banki. Inu mwataya katundu, mwataya ndi ndalama. Njira zilipo ziwiri: kulemba poonekera, munthu asanalipire, kuti msonkho wolowera ndi wake, kapena kutenga nambala ya EORI yoyamba ndi GB, imene imakuzindikiritsani ku kasitomu, kuti wolowetsa katundu mukhale inu. Ine ndikuona kuti amene tikadali ang'ono tisamagulitse phukusi lopitirira £135 mpaka titakhazikika.

Tsopano za abale athu akumudzi. Malire a £90,000 ndi a bizinesi yokhazikika mu UK yokha. Mlamu wanu ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre akatsegula sitolo ya Shopify n'kumagulitsa mwachindunji kwa anthu a ku UK maphukusi osapitirira £135, alibe malire alionse: ayenera kulembetsa VAT ya UK kuyambira pa oda yoyamba. Choncho nzeru imene ena anabweretsa pa msonkhano wathu wapitawo, yoti tizilembetsa masitolo m'maina a abale akumudzi kuti msonkho utiphonye, ndi yobwerera m'mbuyo. Ikuchotsa malire amene tinali nawo n'kumuika m'bale pa mlandu umene sakuudziwa. Kugawa sitolo imodzi pawiri, ina m'dzina la bambo, ina m'dzina la mayi, pamene katundu, banki ndi laputopu n'zimodzi, nakonso HMRC ili ndi mphamvu yophatikiza n'kuwerenga ngati bizinesi imodzi.

Nkhani ya akaunti imodzi nayi. Tonse tikudziwa kuti pali mamembala angapo amene akugulitsira pa sitolo ndi akaunti ya ku banki ya munthu mmodzi. Zinayamba mwachifundo, kuthandiza atsopano amene analibe mapepala a banki. Koma m'maso mwa HMRC ndalama zonsezo n'za mwini dzina. Anthu asanu ogulitsa £20,000 aliyense pa chaka palibe wofika pa malire, koma akadutsira m'dzina limodzi ndi £100,000, ndipo kalata idzapita kwa mayi mmodzi yekha amene anangochita chifundo. Kuyambira pa 1 Januwale 2024 misika ya pa intaneti imasonkhanitsa mbiri ya ogulitsa n'kutumiza ku HMRC, kupatula amene agulitsa kosakwana ka 30 pa chaka ndi ndalama zosapitirira €2,000. Zobisala zinatha. Palinso ana athu a viza ya sukulu, imene siilola munthu kuchita bizinesi yakeyake; kuwalowetsa pa akaunti ya wina si kuwathandiza. Nkhaniyi inadzutsidwa chaka chatha, a komiti anati aiona, ndipo m'maminitsi simunalembedwe kanthu. Chimodzimodzi pempho loti gulu lilipire akauntanti wotiona tonse kamodzi pa miyezi itatu: tinauzidwa kuti thumba ndi lochepa, koma ndalama za holo ndi zakudya za phwando la pa 6 Julayi zinapezeka msanga. Phwandolo ndimalikonda ngati wina aliyense, koma gululi tinaliyambitsira malonda.

Ena afunsa ngati kuli bwino kulembetsa mwakufuna usanafike pa malire. Tiwerenge. Pa chinthu cha £30, VAT ya 20 peresenti ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a mtengowo, ndiye £5. Tinene kuti munachigula £15 pa AliExpress, mmene muli kale VAT ya £2.50, ndipo kutsatsa kunadya £9. Musanalembetse mumatsala ndi £6. Mukalembetsa n'kupereka nambala yanu ya VAT kwa wogulitsa, sakulipiritsani £2.50 ija, inu mumailemba nokha pa fomu ya VAT mbali zonse ziwiri, yolipira ndi yoitanitsa, ndipo mumatsala ndi £3.50. Mukaiwala kupereka nambalayo, kapena mukapanda invoisi yovomerezeka ya VAT, mukhoza kutsala ndi £1 yokha. Popeza makasitomala athu ndi anthu wamba amene sangabwezeredwe VAT, ine ndikuti musathamangire kulembetsa, koma mukafika cha pa £70,000 yambani kukweza mitengo pang'onopang'ono. Walira mvula walira matope: amene tikufuna kukula tikonzekere kuti gawo limodzi mwa 6 si lathu.

Za Flat Rate Scheme, njira yolipira VAT pa peresenti imodzi yokhazikika ya zogulitsa zonse, ananena mwachidule. Ndi ya amene zogulitsa zawo pa chaka sizipitirira £150,000, ndipo wopezeka kuti amagula katundu wochepa kwambiri amaikidwa pa 16.5 peresenti, imene siisiya kanthu. Musalowemo akauntanti asanaone mabuku anu. Wolembetsa aliyense amasunga mabuku pa kompyuta ndi kutumiza fomu kudzera pa pulogalamu yogwirizana ndi Making Tax Digital, ndondomeko ya HMRC yotumizira za msonkho pa kompyuta, kawirikawiri miyezi itatu iliyonse, pasanathe mwezi umodzi ndi masiku 7. Fomu iliyonse yochedwa ndi pointi imodzi, ndipo zikakwana 4 chindapusa ndi £200. Mabuku asungidwe zaka 6. VAT ya ntchito zimene munalipira m'miyezi 6 musanalembetse mukhoza kuitanitsa, choncho musataye malisiti.

Gawo la EU linali lothamanga. Chofunika n'choti kuyambira pa 1 Julayi 2021 phukusi lililonse lolowa ku EU limalipira VAT, ndipo la mtengo wosapitirira €150 likhoza kudutsira pa ndondomeko ya IOSS, imene VAT imatengedwa pa nthawi yogulitsa. Northern Ireland ili ndi malamulo akeake pa katundu. Amene muli ndi makasitomala ku Ireland mundipeze padera.

Pa msonkhano ukubwerawu ndikupempha a mlembi aike nkhani ya akaunti imodzi poyambirira, osati pa zina ndi zina, ndipo tivote kuti ithe liti. Nkhani ya akauntanti ibwere pambuyo pake, a msungichuma atatiuza zimene zili m'thumba. Aliyense abwere ndi chiwerengero cha zimene wagulitsa mwezi ndi mwezi kwa miyezi 12 yapitayi, kuchokera pa Shopify, eBay ndi kwina kulikonse, kuti tidzaphatikize pamodzi tione amene ali pafupi ndi £90,000.

Ine nthumwi yanu.